Nyumba ya pa Deansgate ija ndi laibulale, ndipo kulowa n'kwaulere

Mayi wina wa kwathu yemwe akukhala ku Manchester wanditumizira imelo. Mwana wawo wa zaka 11 wabwera ndi kapepala kochokera kusukulu konena za chionetsero ku John Rylands Library. Funso lawo ndi lakuti, kodi munthu amene sanapondeko ku yunivesite amaloledwa? Nanga mwana akaonako chiyani kupatula "mabuku afumbi"?

Mayi, pitani. Laibulaleyi ndi ya University of Manchester, inde, koma pakhomo safunsa chiphaso cha wophunzira ndipo simulipira kalikonse. Mwina mwakhala mukuidutsa pa msewu wa Deansgate n'kumaiyesa tchalitchi chifukwa cha miyala yake yofiirira ndi mawindo aataliwo. Anaimangitsa ndi Enriqueta Rylands pokumbukira mwamuna wake John Rylands, mpondamatiki wa mafakitale a nsalu amene anamwalira mu 1888. Inatsegulidwa pa 1 Januwale 1900, ndipo inaphatikizana ndi laibulale ya yunivesite mu 1972.

Chinthu chodziwika kwambiri chimene amasunga n'chaching'ono moti chingakwane pachikhatho cha mwana wanuyo. Ndi kachidutswa ka gumbwa, masentimita pafupifupi 9 mulitali ndi 6 mulifupi, kamene akatswiri amakatcha P52. Kanagulidwa ku Egypt mu 1920 pamodzi ndi zidutswa zina zambirimbiri, n'kungokhala osadziwika mpaka katswiri wina, C. H. Roberts, atakazindikira ndi kukafalitsa mu 1935. Kalembedwa m'Chigiriki mbali zonse ziwiri: kutsogolo kuli mawu a pa Yohane 18:31-33, kumbuyo mavesi 37 ndi 38, paja Pilato akufunsa Yesu mafunso. Ambiri amati kanalembedwa m'zaka za m'ma 100, ngakhale akatswiri amatsutsanabe za chaka chenicheni, ndipo kamawerengedwa m'gulu la zidutswa zakale kwambiri za Chipangano Chatsopano. Kulembedwa mbali ziwiriko ndiye umboni wakuti kanang'ambika m'buku la masamba, osati mumpukutu. Ndikanakhala inu, ndikanawerenga mavesiwo ndi mwana kunyumba tisananyamuke. Mwana wodziwa nkhaniyo amaima pagalasi n'kumasakasaka zilembo. Wosaidziwa amangoona kachinthu kong'ambika n'kufunsa kuti tidya nthawi yanji.

Alinso ndi Baibulo la Gutenberg la m'zaka za m'ma 1450 (limodzi mwa mabuku oyambirira kusindikizidwa pamakina ku Ulaya), makalata a John Wesley wa mpingo wa Methodist, ndi zolemba zakale za nyuzipepala ya Guardian. Koma musakayembekezere kuzipeza zonse pamtetete. Kuwala kumafwifwitsa inki ndi kufooketsa pepala, ndipo zikaonongeka sizibwereranso. N'chifukwa chake m'chipinda cha chionetsero mumakhala kamdima, salola kujambula ndi fulashi, ndipo zinthu amazisinthasintha pakapita miyezi. Choncho muyambe mwaona pa webusaiti yawo masiku amene amatsegula, zimene zili pagalasi panopa, komanso ngati kuli zochitika za mabanja, zomwe zimachuluka ana akatsekera sukulu.

Pali nkhani ina imene ine sindingaidumphe. Chuma cha a Rylands chinachokera ku thonje, ndipo thonje lambiri lomwe linkapotedwa m'mafakitale a Lancashire, dera lozungulira Manchester, isanafike 1865 linkalimidwa ndi akapolo ku America. Enriqueta mwiniyo anabadwira ku Havana, ku Cuba, m'banja lomwe linali ndi minda ya nzimbe yolimidwa ndi akapolo. Ndi mafakitale omwewa amene David Livingstone ankawaganizira poona thonje m'chigwa cha Shire mu 1859, n'kumati lathu lingalowe m'malo mwa la akapolo lija. Mwana wa zaka 11 atha kuimva nkhani imeneyi, ndipo malo abwino omuuzira ndi m'chipinda chachikulu chowerengera, pamene ziboliboli zoyera za John ndi Enriqueta zayang'anizana, china uku china uko.

Za phokoso musade nkhawa kwambiri. Mumakhala ena akuwerenga, ndiye mwana angotsitsa mawu, basi. Ogwira ntchito amayankha mafunso, ndipo ndibwino mwana azifunsa yekha m'malo momufunsira inu.

Ola limodzi n'lokwanira paulendo woyamba. Kungoti musatuluke musanatsikire kuzimbudzi zakale za pansi. N'zomwe zija za mu 1900, sanazisinthe, ndipo zikugwirabe ntchito.

Tsiku lina inuyo mukadzafuna kuona cholembedwa chomwe sichili pachionetsero, khomo lake ndi lina. Mumalembetsa ngati wofufuza, n'kuitanitsiratu chinthucho lisanafike tsiku lopita, ndipo kuchita zimenezi sikulira digiri. M'chipinda cha ofufuzacho amalola pensulo yokha, bolopeni ayi.