Za chimbale cha mandimu cha The Stone Roses

Achimwene, mwafunsa kuti n'chifukwa chiyani anzanu a kuntchito ku Manchester amachitamanda chonchi chimbale choyamba cha gulu loyimba la The Stone Roses, pomwe inu mutachimvera mwapeza kuti mawu a woyimbayo ndi ofooka, oti enafe tikhoza kumuposa tikusamba. Pa mawupo sindikutsutsani ayi. Woyimbayo, Ian Brown, si katswiri wa mawu, ndipo amene anamuonerapo pa siteji amadziwa kuti nthawi zina amasochera m'nyimbo yake yomwe. Koma khutu mwalitchera polakwika. Mphamvu ya chimbale chimenechi ili kwa anthu awiri akumbuyo, Reni pa ng'oma ndi Mani pa besi.

Inenso ndinayamba ngati inu. Ndinachimva koyamba m'galimoto ya bambo wina amene ndinkagwira naye ntchito, tikuchokera ku shifiti ya usiku. Nyimbo yotsegulira, I Wanna Be Adored, imayamba ndi kaphokoso ngati ka sitima ili patali, moti ndinayesa kuti wailesi yafa. Kenaka besi n'kulowa mwakachetechete, gitala n'kutsatira, ng'oma n'kubwera, koma mawu osamveka mpaka mphindi yathunthu kudutsa. Bambo aja ankangogogoda chiwongolero ndi zala. Nditafunsa kuti kodi woyimba abwera liti, anangondiuza kuti nditseke pakamwa ndimve besi.

Anyamatawa anavutika zaka zingapo asanafike pamenepa. Brown ndi John Squire, woyimba gitala, anadziwana ali pa sukulu, ndipo gululi analiyamba mu 1983. Mu 1985 anajambula nyimbo zokwana chimbale ndi Martin Hannett, yemwe uja anajambula nyimbo za gulu la Joy Division, koma atazimvera sanakhutire n'kuzitsekera m'kabati. Mani analowa mu 1987, ndipo ndi pamenepo pamene nyimbo zawo zinayamba kuvinika. Nthawi imeneyo achinyamata a ku Manchester ankachezera kuvina nyimbo zopangidwa ndi makina zotchedwa acid house ku kalabu ya usiku ya Haçienda, pomwe magulu ambiri a magitala ankayimba zodandaula, zomvera uli khale m'chipinda. The Stone Roses anatenga magitala okoma ngati a m'zaka za m'ma 1960 n'kuwakhazika pa ng'oma zoti munthu sangaime chilili. Okonda magitala ndi okonda kuvina anapezeka m'holo imodzi.

Kujambula kunayamba pakati pa 1988 n'kutha kumayambiriro kwa 1989, m'masitudiyo a Battery ndi Konk ku London komanso Rockfield ku Wales. Wojambula anali John Leckie, munthu amene anaphunzira ntchito ku situdiyo ya Abbey Road, ndipo pambuyo pake anadzajambula chimbale cha The Bends cha gulu la Radiohead. Kwa ine Leckie ndiye wachisanu wa gululi. Mvetserani mmene anachitira ndi mawu a Brown amene mukudandaula nawowo. Sanawaike patsogolo ngati a mlaliki. Anawafewetsa, nthawi zina ngati munthu akunong'ona, n'kuwakuta ndi mawu a Reni, chifukwa Reni kuwonjezera pa ng'oma ndiye ankathira mang'ombe, ndipo mawu ake anali abwino kuposa a mwini nyimbo. Pa Waterfall mudzamva zimenezi bwino lomwe.

Pali kanthu kena kamene anthu ambiri sakadziwa. Nyimbo yotsatira Waterfall, yotchedwa Don't Stop, ndi Waterfall yomweyo atabweza tepi chammbuyo, n'kuthirapo mawu atsopano ogwirizana ndi mmene zikumvekera. Ena amaidumpha. Ine ndimaisiya, ngakhale ndivomereze kuti ndi yaitali kuposa mmene ikanayenera kukhalira.

Koma ngati muli ndi mphindi zisanu ndi zitatu zokha, pitani ku nyimbo yomaliza, I Am the Resurrection. Theka loyamba ndi nyimbo wamba yonyoza munthu amene wakukwana. Itatsala pang'ono kufika pakati Brown amasiya kuyimba, osabwereranso. Mani amayambitsa besi ina, Reni n'kusintha kamenyedwe, Squire n'kulowa, ndipo atatuwa amathamangitsana kwa mphindi zoposa zinayi. Penapake amaima zii, iwe n'kuyesa kuti zatha, kenaka n'kuyambiranso. Ndikamafika pamenepo ndimakweza wailesi mpaka ana kudandaula. Mukamvera chigawo chimenecho n'kupezabe kuti palibe kanthu, basi chimbalechi si chanu, ndipo palibe mlandu.

Za mandimu amene mumawaona pa masikipa a anthu m'tauni: chikuto cha chimbalechi anachipenta ndi Squire mwini, potsanzira kapentedwe kowaza penti ka Jackson Pollock. Pali mizere itatu ya mitundu ya mbendera ya France ndi mandimu odula. Brown anakumana ndi bambo wina wa ku France amene anali nawo pa zionetsero za ku Paris za mu Meyi 1968, ndipo anamuuza kuti ankagwiritsa ntchito mandimu polimbana ndi utsi wokhetsa misozi. Nyimbo ya Bye Bye Badman ikunena za zomwezo. Ndiye musanyengeke ndi kukoma kwa magitala. Mulinso kanyimbo kosakwana ndi mphindi imodzi yomwe, Elizabeth My Dear, kofatsa ngati kogonetsa mwana, koma kofuna kuti mfumukazi ya ku Britain ichoke pa mpando.

Chimbalechi chinatuluka mu Meyi 1989 kudzera ku kampani ya Silvertone, ndipo sichinaphulike tsiku limodzi. Chinalowa pa nambala 32 pa ndandanda wa zimbale zogulidwa kwambiri ku Britain, n'kumakwera pang'onopang'ono anthu akuuzana okha. Mu Novembala chaka chomwecho anatulutsa Fools Gold, imene sinali pa chimbale choyambiriracho, n'kulowa m'gulu la nyimbo khumi zapamwamba. Mwezi womwewo anaonekera pa pulogalamu ya nyimbo ya pa TV ya Top of the Pops tsiku limodzi ndi gulu linzawo la Happy Mondays, ndipo dziko lonse linadziwa kuti ku Manchester kwabuka zina. Pa 27 Meyi 1990 anthu pafupifupi 27,000 anakhamukira kukawaonera ku Spike Island, ku Widnes, pakati pa mafakitale a mankhwala. Amene analipo amavomereza kuti zokuzira mawu zinali zosalongosoka, mphepo ikuuluza nyimbo, koma mukamva mmene amasimbira mungayese anapita kumwamba n'kubwerako.

Kenaka zinayamba kusokonekera. Mu Januwale 1990 anali atapita kale ku maofesi a kampani yawo yakale, FM Revolver, kukathira penti chifukwa chokwiya ndi kanema wa nyimbo amene kampaniyo inatulutsa iwo asanavomere, ndipo nkhaniyo inathera ku khoti. Anakokanakokananso ndi Silvertone pa za mgwirizano wawo, mpaka khoti linawamasula mu 1991, n'kusainira ku kampani ya Geffen. Chimbale chachiwiri, Second Coming, chinadzatuluka mu Disembala 1994, patadutsa zaka zisanu ndi theka. Leckie anali atatopa n'kuwasiya panjira. Reni anachoka mu 1995, Squire mu 1996, gulu n'kutha chaka chomwecho, Mani n'kupita ku gulu la Primal Scream.

Maganizo anga ndi akuti kusowa kwawo kumeneku kunachikuza chimbale choyambacho. Kwa zaka zisanu panalibe china chochiphimba, ndiye anthu ankangochibwereza. Mpata umene anausiyawo ndi umene gulu la Oasis linalowamo mu 1994, ndipo woyimba wake, Liam Gallagher, wanena kangapo kuti kuonera The Stone Roses n'kumene kunamupatsa mtima woyimba. Ngakhale kayendedwe kake kodzimva kaja ndi ka Brown. Mu 2024 Liam yemweyo anatulutsa chimbale pamodzi ndi Squire. The Stone Roses atabwererana, matikiti 220,000 a masiku atatu ku Heaton Park, ku Manchester, kuyambira pa 29 Juni mpaka pa 1 Julayi 2012, anatha m'mphindi 68.

Kodi ndiye chimbale chopambana zonse za ku Britain, monga akunenera anzanuwo? Ine sindingafike pamenepo. Ambiri amene amatero anali ndi zaka 18 mu 1989, ndipo akutamanda unyamata wawo pamodzi ndi nyimbozo. Koma chiyeseninso ndi mahedifoni abwino, osati sipika ya foni imene imameza besi yonse. Yambani ndi She Bangs the Drums, kenaka Waterfall, n'kumalizira I Am the Resurrection. Ndipo mukaona munthu wavala kachipewa kooneka ngati ndowa yovundikira, dziwani kuti kuno ena amangokatchula kuti chipewa cha Reni.