Azakhali, musamulande kaye foniyo

Azakhali, mwaswera bwanji ku Tsanganoko? Ife kuno ku Dedza tilipo, kungoti chisanu chatikwana, nkhungu yatsika m'phirimu kuyambira m'mawa ndipo mpaka pano sinachoke. Funso lanu la pagulupa ndaliona, ndiye ndati ndingolankhula, zolemba ayi, zala zauma.

Mwati msuweni wangayo akungokhala chiweramire pa foni. Mukasuzumira mukuona tianthu tojambula taima m'timabokosi, tsiku lina akungowerenga Chizungu pansi pa chithunzi cha munthu wa maso aakuluakulu. Ndiye mukufunsa kuti kodi si juga imeneyi, komanso mwati ndiulule magemu amene ine ndimasewera poti ndi ine ndinamuyambitsa. Mlandu umenewo ndauvomera, sindikana.

Tiyambe ndi ya timabokosiyo. Imene ili m'foni mwake ndikuidziwa, dzina lake Fire Emblem. Si juga ayi. Mukukumbukira mmene malemu agogo ankakhalira pa bawo pansi pa mtengo wa pichesi paja? Dzanja lili m'malere pamwamba pa maenje, osagwira kanthu, milomo ikungogwedera, akuwerenga kuti ndikatakata apa ndikathera pati, nanga mnzangayu akandidya potani. Eya, gemu imeneyi ndi yomweyo, kungoti m'malo mwa njere muli asilikali. Iwe umasuntha ako onse mmodzimmodzi, ukamaliza adani nawo amasuntha awo. Palibe zothamangitsa zala ngati magemu a mpira aja. Ukhoza kusiya foni, kukaphula nsima, kubwera, upeza aliyense ali pomwe unamusiya.

Gemuyi ndi ya kampani ya Nintendo ya ku Japan, yoyamba inatuluka 1990, koma kwa zaka zambiri inkangokhala m'Chijapani. Yoyamba kutuluka m'Chizungu ndi ya 2003, ya pa kamakina ka m'manja kotchedwa Game Boy Advance, ndipo ndi imene ine ndimaikonda kuposa zonse. Lamulo lake ndi losavuta kuloweza: lupanga limaposa nkhwangwa, nkhwangwa imaposa mkondo, mkondo umaposa lupanga. Ukaima m'nkhalango adani amavutika kukulasa, ukaima poyera wadziika pamsika. Ndipo usanamenye, gemu imakuonetsa manambala, kuti mwayi wolasa ndi 80 pa 100, ukalasa umuchotsera mphamvu zakutizakuti. Ndiye mukamuona mwanayo akuwerenga zala, akuchita masamu enieni, ophatikiza ndi ochotsera.

Koma chimene chimaigwiritsa mtima ndi ichi, azakhali: msilikali akafa, wafa basi. Sadzukanso m'nkhondo yotsatira. Ndipo aliyense ali ndi dzina, ali ndi kwawo, ali ndi mnzake amene amacheza naye. Ndikuuzeni zimene zinandichitikira chaka chatha mwezi ngati uno. Magetsi anathima, ine ndili m'bulangete mpaka kumutu, batire yatsala 11. Nkhondo imodzi ndinali nditaimenya ola lathunthu ndi theka, kwatsala mdani wamkulu yekha pampando wake. Ndinali ndi kamtsikana kena kokwera hatchi ya mapiko, kamanyazi, kamene ndinakalera kuyambira kali kofooka. Ndinakatuma kuti kauluke kadutse phiri kakafike pamudzi wina msanga. Sindinawerenge bwino mabokosi. Kuseri kwa khoma kunali munthu wa uta, ndipo m'gemu imeneyi muvi ndiye mdani wa chilichonse chouluka. Muvi umodzi, thi! Kananena mawu ake otsiriza, kenako ziii. Ndinakhala chete m'bulangetemo ngati ndalandira uthenga wa maliro. Kusankha kunali kuwiri: kupitiriza popanda iye mpaka gemu ithe, kapena kuyambiranso nkhondo yonse ija. Ndinayambiranso. Foni inathima ndisanafike n'pakati pomwe. Mpongozi wanu m'mawa akundifunsa kuti nkhope yakwinyika chonchi walota chiyani, ine ndinachita manyazi kunena.

Ndiye mukamva msuweni wanga akufuula yekha kuchipinda kuti mayo ine, musathamangire kwa abusa, wangotaya msilikali.

Dikirani kaye lole idutse, ndili pafupi ndi msewu.

Eya. Yachiwiri yanga ndi Final Fantasy Tactics, ya 1997, inayambira pa PlayStation. Iyi ndiye nkhani yake inu mungaikonde, chifukwa ndi ya kulimbirana ufumu. Mfumu yamwalira, wolowa ufumu akadali khanda, akuluakulu awiri aliyense akuti woyang'anira mwanayu ndine, dziko lonse n'kulowa m'nkhondo. Zija timamva kwathu kuno mfumu ikagona, mbumba iyi ikuti ndi ife, iyo ikuti ndi ife. Pakati pake pali anyamata awiri okulira limodzi, Ramza wa kubanja lolemekezeka ndi Delita mwana wa anthu wamba, ndipo nkhondoyo imawasiyanitsa njira. M'menemu malo ali ndi zitunda ndi zigwa, woponya mivi ukamukweza padenga amafika patali. Msilikali akagwa pamutu pake pamabwera nambala 3, imatsika pang'onopang'ono, ukachedwa kumudzutsa wapita. Pali nkhondo ina pa linga la Riovanes, imene Ramza amamenyana yekhayekha ndi munthu wotchedwa Wiegraf. Gemu imakufunsa kuti usunge pomwe wafika usanalowe, ndipo ukasunga pamalo amodzi okhawo ndiye wadzitsekera, sungabwerere kukalimbitsa anthu ako. Ine ndinakodwa mumsampha umenewo, masabata atatu a ntchito anapita m'madzi. Mumuuze mwanayo zimenezi, azisunga pawiri, adzandithokoza.

Tsopano zowerenga zija. Amazitcha visual novel. Kunena zoona ndi buku, kungoti lili ndi zithunzi ndi nyimbo, ndipo pena limaima n'kukufunsa kuti usankhe chochita, nkhani n'kukhotera komwe wasankhako. Imene ndinamupatsa ine ndi Ace Attorney, ya kampani ya Capcom, inayamba 2001 ku Japan, Chizungu chake chinabwera 2005. Umakhala loya woteteza munthu amene akumunamizira mlandu wakupha. Mboni ikulankhula m'khoti, iwe ukumvetsera chiganizo chilichonse, uku ukuyang'ana umboni umene watolera. Mboni yati ndinamuona wakufayo nthawi yakuti, pepala la adokotala likunena nthawi ina, pamenepo ndiye umaimirira n'kuigwira bodza. Ukalozera umboni wolakwika jaji amakudzudzula, ukalakwitsa kangapo munthu wako wamangidwa. Moti sungadumphe mzere ngakhale umodzi. Ine Chizungu changa chochuluka ndinachitola mmenemo, osati m'kalasi, pepani aphunzitsi amene ali pagulu pano. Mwana wa Fomu 3 amene akuwerenga Chizungu maola awiri popanda womukakamiza, ine sindingamulande foni.

Koma si zonse zabwino, apa ndiye mutchere khutu. Zina mwa zowerengazi ndi za akuluakulu, zolaula zenizeni, ndipo zojambula zake zimafanana ndi za anazi. Ina yotchedwa Doki Doki Literature Club, ya 2017, poyamba imaoneka ngati tiatsikana ta kusukulu tikulemba ndakatulo, koma mkati muli zodzipha ndi zoopsa, mpaka iyo yomwe imachenjeza poyambirira kuti si ya ana. Imeneyo mukaiona ichoke. Pa Play Store gemu iliyonse amailemba zaka zoyenera, mukaona 16 kapena 18 mwadziwa.

Juga yeniyeni imene mukuiopayo ilipo, koma maonekedwe ake ndi ena. Mukaona kandege kofiira kakukwera, nambala ikukula pambali, imeneyo ndiye ija yamaliza ndalama za mbatata za anyamata ambiri. Palinso magemu ena aulere poyamba, ngakhale Fire Emblem yomweyi ili ndi ina ya pa foni yotchedwa Heroes, ya 2017, imene umagula timiyala kuti uchite mwayi wopeza msilikali wabwino, osadziwa kuti akugwera ndani. Ine ndinaichotsa patatha sabata. Njira yodziwira ndi yachidule: muzimitse data pa foni yakeyo. Zimene ndinamupatsa ine zimayenda popanda bandulo, sizipempha ngakhale 1 tambala. Ikakana kutseguka popanda intaneti, kapena mukaona ndalama za pa foni panu zikuchepa mosadziwika, mundiimbire tsiku lomwelo.

Chimene ndikugwirizana nanu ndi cha tulo. Magemu amenewa amanyenga, umati nkhondo imodzi yokha ndigone, ukadzidzimuka tambala akulira. Ndanena kale za ine ndi bulangete langa, ndiye sindingamuikire kumbuyo. MSCE ndi chaka chamawa. Ine ndikanati 9 koloko ikakwana foni izigona kuchipinda kwanu, Loweruka akamaliza kuthirira kudimba muzimusiya asewere mpaka atope. Akanyinyirika mumuuze kuti wanena ndi ine, amene ndinamuikira.

Amalume aja alemba pagulu kuti zonsezi n'zachibwana, ndawaona. Amalume, inu munagonapo ku bawo pa Lizulu mpaka minibasi yomaliza kukusiyani, nkhani imeneyo tonse timaidziwa.

Loweruka likubwerali ndikubwera kumeneko, ndidzatsikira pa Tsangano Turn-off cha m'ma 10. Foniyo ndidzaiona ndekha gemu ndi gemu inu muli pompo, ndipo ndidzakusewezani mlandu woyamba wa loya uja, ndi waufupi, ndidzikumasulirani. Inu mmene mumagwirira anthu bodza pa milandu ya kumudzi, mboni imeneyo simuchedwa nayo. Mundisungireko kachewere ndowa imodzi, wa kuno wakwera mtengo. Batire yafiira, ndilekeze pompa.