Ine ndi mlamu wanga sitipatsana moni chifukwa cha chisankho

Funso: Azakhali, ndine mlimi wa mbatata ya kachewere ku Ulongwe, m'boma la Angónia, ku Mozambique. Pa chisankho cha pulezidenti cha pa 9 Okutobala 2024 ndinavotera a Venâncio Mondlane, pomwe mlamu wanga anavotera a Daniel Chapo a Frelimo. Zotsatira zitatuluka tinakangana pamaliro, ndipo mpaka lero sitipatsana moni. Mkazi wanga zikumudya mumtima. Nditani?
Mlimi, Ulongwe

Yankho: Bambo, mkwiyo wanu ndaumva. Bungwe loyendetsa zisankho la CNE linalengeza kuti a Chapo apeza mavoti pafupifupi 71 pa 100 alionse, kenako pa 23 Disembala bwalo lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko la Conselho Constitucional linati ndi 65. Kusiyana kumeneku kunasokoneza ambiri, ndipo anthu anafa pa ziwonetsero. Kukayika kwanu n'komveka.

Komatu amene anawerenga mavotiwo si alamu anu. Iwo anangoponya voti imodzi monga inu. Chandiwawa kwambiri n'choti munakanganira pasiwa, pamaso pa anamfedwa. Kapepeseni kaye kwa eni maliro aja. Mukatero mutume ankhoswe, mukakhale pansi kwa alamu anuwo, akazi anu ali pomwepo. Za zipani musaziyambe tsiku limenelo, ngakhale atakuputani. Afunseni za feteleza wa chaka chino ndiponso za ana awo.