Defender yake iti, achimwene?

Achimwene, mwafunsa ngati kuli bwino kugula Land Rover Defender yoti muzinyamulira usipa ndi katundu wa m'golosale pakati pa Makanjira ndi pa boma la Mangochi, poti mwamva kuti galimotoyi siopa matope. Choyamba tidziwe kuti mukunena iti, chifukwa dzinali lili pa galimoto ziwiri zosafanana n'komwe.

Land Rover imene makolo athu ankaiona ndi apolisi, achipatala ndi amishoni inayamba mu 1948 ku Britain ngati galimoto ya mlimi. Bodi yake anaipanga ndi aluminiyamu poti chitsulo chinkasowa nkhondo itangotha. Mkatimo munalibe zokometsera, inali yogwirira ntchito basi. Dzina la Defender analipereka mu 1990, ndipo ya mtundu wakalewo anasiya kuipanga mu 2016 ku fakitale ya ku Solihull, ku Britain komweko.

Koma mtima wa kampaniyi unayamba kuchoka kwa alimi kalekale, Range Rover itatuluka mu 1970, ataona kuti phindu lili kwa anthu a ndalama. Kampaniyi inadutsa m'manja mwa BMW mu 1994, Ford mu 2000, kenako Tata Motors ya ku India mu 2008. Defender yatsopano, imene inafika pamsika mu 2020 ndipo amaipangira ku Slovakia, ilibe chasisi chapadera ngati yakale ija. Zambiri zimakhala pa masasipenshoni a mpweya, ndipo pafupifupi chilichonse chimalamulidwa ndi kompyuta. Pamatope imadutsa ndithu, sindikuinyoza. Koma itakuzimirani kuseri kwa Malindi mvula ili pakati, sipanala za makaniko wathu sizingathandize. Pafunika makina owerengera vuto, ndiye mwina kuikweza pa lole mpaka ku Blantyre, usipa uli m'matumba ukuonongeka. Zimandiwawa ndithu kuti galimoto yomwe inapangidwira anthu ngati ife lero ndi ya mabwana a m'tauni.

Ngati mtima wanu uli pa yakale, sakani ya injini ya 300Tdi, yomwe inayamba mu 1994. Ilibe kompyuta yoyendetsa injini, pomwe Td5 ya kuyambira 1998 ili nayo. Musakopeke ndi bodi yowala. Aluminiyamu sachita dzimbiri, koma chasisi ndi chachitsulo, ndipo zochokera ku UK zimakhala zitadyeka ndi mchere umene amathira m'misewu nthawi yozizira. Lowani pansi, mugogode ndi hamala, makamaka chakumbuyo. Funsaninso kuti lamba wa timing anasintha liti. Mitengo yake inakweranso chisiyireni kuipanga, poti kunja anthu akuigula ngati chosunga.

Ine ndalama zitakhala zanga, pa ntchito mukunenayi ndingatenge Toyota Land Cruiser 79 ya injini ya 1HZ, ya dizilo ya malita 4.2 yopanda turbo. Mtundu wa 70, womwe 79 ili m'gulu lake, unayamba mu 1984 ndipo sunasinthe cholinga chake, n'chifukwa chake ambulansi zambiri zopita kumidzi ndi zomwezi. Amakaniko athu amaidziwa, masipeya savuta kwenikweni, ndipo zitunda za ku Chowe imakwera pang'onopang'ono koma katundu ali momwemo. Mafuta imamwa, ndipo ngakhale yakale siitsika mtengo, choncho muwerengetseretu ndi msonkho wa MRA ngati mukuitanitsa kunja. Pokaiona mutengane ndi makaniko amene azidzakukonzerani, osati wa wogulitsayo.