Dizilo wochokera ku ndere: ndiikepo mpamba wanga?

Funso: Mnzanga akufuna tiyambe kupanga dizilo kuchokera ku ndere zing'onozing'ono za m'madzi. Akuti tikagwiritsa ntchito ma enzyme (zinthu zochokera m'zamoyo zofulumizitsa kusintha kwa mankhwala) m'malo mwa mankhwala a caustic soda, phindu n'losakayikitsa. Ndili ndi ndalama zomwe ndakhala ndikusunga kwa zaka zambiri. Ndiikepo?

Yankho: Bambo, ndalama zanuzo zisungeni kaye.

Zomwe mnzanuyo akunena za ma enzyme si bodza. Ndere monga Chlorella ndi Nannochloropsis zimasunga mafuta, makamaka zikamanidwa nitrogen. Mafutawo akakumana ndi methanol (mtundu wa sipiriti) amasanduka biodiesel, dizilo wochokera ku zamoyo, n'kutsala madzi onanda otchedwa glycerol. Soda amafulumizitsa ntchitoyi pamtengo wotsika, koma mafuta akakhala ndi asidi wambiri, gawo lina limasanduka sopo. Enzyme yotchedwa lipase sipanga sopo, imagwira bwino pa madigiri 30 mpaka 50 Celsius, ndipo glycerol amatuluka woyera. Kuipa kwake n'kwakuti ndi yodula, imatenga maola ambiri, komanso methanol akathiridwa wambiri nthawi imodzi imafooka. N'chifukwa chake opanga biodiesel amathira methanol pang'onopang'ono, ndipo amagula lipase yomatidwa pa timikanda, monga Novozym 435, kuti azikaisefa n'kuigwiritsanso ntchito.

Koma kumene ndalama zimathera ndi kumadzi. Tungani lita imodzi m'dziwe lolimamo ndere: madzi ake obiriwira ndithu, koma mukaumitsa mupeza ndere zosapitirira galamu imodzi. Kuti mupeze kilogalamu imodzi muyenera kuchotsa malita 1,000 kapena kuposerapo, ndipo pampu, makina osefera ndi owumitsira onse amadya magetsi. Kilogalamu imeneyonso si mafuta okhaokha. Nthawi zambiri mafuta safika theka, ndipo atsekeredwa m'khungu lolimba lofunika kuswa. Ndere mukazimana nitrogen kuti zinenepe, zimakula pang'onopang'ono. Tizilombo tikalowa m'dziwe, zokolola zingathe m'masiku ochepa. Enzyme, ngakhale yabwino chotani, imabwera ndalama zonsezi zitapita kale.

Ena a matumba aakulu anayesapo. Boma la United States linafufuza za mafuta a ndere kuyambira 1978 mpaka 1996, n'kusiya poona kuti sangapikisane mtengo ndi mafuta okumba pansi. Kampani ya mafuta ya ExxonMobil inalowamo mu 2009, inathiramo madola mamiliyoni mazana angapo, kenako inatulukamo. Solazyme, kampani yomwe inkapanga mafuta a ndere, inatembenukira ku zakudya, inasintha dzina kukhala TerraVia mu 2016, ndipo mu 2017 inagwa. Zimandipweteka kuganiza kuti thukuta lanu la zaka zambiri likalowe pamene makampani oterewa anabwerera.

Mnzanuyo akulembereni papepala kuti lita imodzi ya biodiesel idzadya ndalama zingati, kuwerengera magetsi, fetereza, methanol, enzyme ndi antchito, ndiye muyerekeze ndi mtengo wa dizilo wamba. Akuuzeninso kuti enzyme idzabwerezedwa kangati, ndiponso ndani adzayeze mafutawo ngati akukwanira pa miyezo monga EN 14214 kapena ASTM D6751, poti wogula wanzeru sathira mu injini yake mafuta osayezedwa.

Ngati mtima uli pa biodiesel, yambani ndi mafuta okazingira otha ntchito: safuna dziwe, ndipo asidi wake wambiri ndi amene lipase imamutha bwino. Ngati uli pa ndere, onani spirulina, yomwe imagulidwa ngati chakudya pamtengo woposa wa mafuta a galimoto. Kulikonse, yambani ndi kandalama komwe mungapirire katatayika, ndipo pezani wogula musanagule makina.