Za Mustang ya 1966 mwafunsa ija

Achimwene, mwafunsa ngati mtengo akukutchulirani wa galimoto ya Ford Mustang ya 1966 uli bwino, ine ndinganene kuti musathamangire penti yonyezimirayo, yambani ndi nambala ya VIN, nambala yozindikiritsa galimoto imene amaika ku fakitale. Pa Mustang za zaka zimenezo chilembo chachisanu ndi chimene chimanena injini imene galimoto inatuluka nayo ku fakitale, T ndi ya masilinda 6, C ndi A ndi V8 (ya masilinda 8) ya 289, nambala yonena kukula kwa injini, ndiye K ndi 289 yamphamvu ija imene imadula kwambiri. Ngati VIN ikuti T koma mu boneti muli V8, dziwani kuti injiniyo anachita kuikamo pambuyo pake ndipo mtengo uyenera kutsika ndithu, wogulitsa asakunamizeni.

Kenako dzimbiri. Lowani pansi ndi tochi, kwezani kapeti muone pansi poponda, mu buti, komanso thirani madzi pa magirili ali kutsogolo kwa windisikirini muone ngati sakudonthera mkati, pamenepo zimaola kwambiri ndipo kukonza kwake ndi ndalama zambiri zedi. Tengani maginito muyendetse m'munsi mwa zitseko, pomwe sakugwira pali filla, phala lomatira pobisa malo owonongeka. Fastback (ya denga lotsetsereka mpaka kumbuyo) imadula kuposa coupe (ya denga wamba), ndiye musayerekeze mitengo ya ziwirizi.