Pa pampu yozima mwadzidzidzi musaikenso valavu ya swing

Achimwene, ndawerenga funso lanu la ku fakitale ya ku Willowvale, ku Harare. Mwati pampu imakoka madzi m'thanki ya pansi n'kukankhira m'thanki ya pamwamba, paipi ndi yachitsulo ya 100 mm, madzi amayenda pafupifupi makiyubiki mita 20 pa ola, ndipo magetsi akangothima paipi yonse imagunda mpaka mabulaketi kugwedera. Pini ya non-return yanu (valavu yoletsa madzi kubwerera m'mbuyo) ya mtundu wa swing yaduka, ndiye mukufuna kudziwa ngati mugule ina yofanana kapena ya wafer, yopyapyala yopanikizidwa pakati pa mapaipi awiri, imene akuuzani kusitolo. Ine ndikuti swing musaibwezerepo. Gulani ya dual plate yokhala ndi sipulingi, ndipo ikhale yocheperako kuposa paipi yanuyo.

Swing ili ndi chivundikiro chimodzi cholendewera pa pini ya pamwamba. Kuti chitseke chimayenda mtunda wautali, ndipo chimadalira kulemera kwake komanso madzi obwerera m'mbuyo. Magetsi akathima, pampu imaima m'kanthawi kochepa, madzi onse amene ali m'paipi yokwera ija amatembenuka. Pamene chivundikiro chikufika pampando wake, madzi ayamba kale kuthamangira pansi, ndiye amachimenyetsa ngati chitseko chokankhidwa ndi mphepo. Kugunda mukumvako n'kumeneko. Katswiri wa ku Russia, Joukowsky, anaziyesa pa mapaipi a madzi a ku Moscow n'kulemba mu 1898, ndipo masamu ake akugwirabe ntchito: m'paipi yachitsulo, mukaimitsa mwadzidzidzi madzi othamanga mita imodzi pa sekondi, presha imalumpha ndi ma bar (muyeso wa presha) 10 kapena kupitirira. Kuno kwathu magetsi amathima kawirikawiri, choncho valavu yanu imalandira nkhonya imeneyi mobwerezabwereza. Lero yaduka pini, mawa gasketi idzayamba kudontha, kenako mudzagula pampu ina.

Dual plate ili ndi timbale tiwiri, kalikonse theka la bwalo, tomangika pa pini yapakati, ndipo sipulingi imatikankhira kotseka nthawi zonse. Timbaleti n'topepuka, mtunda wake ndi waufupi, ndiye madzi akangoyamba kufooka timatseka asanatembenuke kwenikweni. Valavuyi ndi yopyapyala, imangolowa pakati pa ma flange awiri (zitsulo zozungulira za mabowo zolumikizira mapaipi) n'kumangidwa ndi mabawuti aatali. Poika pa paipi yogona, pini yapakatiyo iime chilili. Mukaigoneka, kambale kapansi kamagwa kokha, kapamwamba kamalemera, ndipo valavu imadyeka mbali imodzi. Anyamata ambiri amangoyang'ana muvi wosonyeza kolowera madzi n'kuiwala za pini. Muimirire pompo pamene akumanga.

Nkhani ya kukula kwa valavu ndi imene yandikhudza kwambiri m'funso lanu, chifukwa ambiri timagula poyeza paipi m'malo moyeza madzi. M'paipi ya 100 mm, kuti madzi athamange mita imodzi pa sekondi pamafunika makiyubiki mita pafupifupi 28 pa ola. Inu muli ndi 20, kutanthauza kuti liwiro lake ndi mamita 0.7 okha. Madzi ofooka chonchi sangakankhe chivundikiro cha swing kuti chitseguke chonse n'kukhazikika. Chimangoyandama pakati, kugwedezeka tsiku lonse, pini n'kumadyeka pang'onopang'ono. Ikani sikuludiraiva pa valavu pampu ikuyenda, khutu kuchigwiriro, mumva kakuti tche tche tche. Pini yanu inali itadyeka kale, kugunda kunangomaliza ntchito. Pa 80 mm madzi omwewo athamanga mamita 1.1, pa 65 mm ayandikira 1.7. Funsani wogulitsa pepala la wopanga valavuyo losonyeza liwiro limene imatsegukira yonse, musankhe potengera pamenepo, ndipo muike ma reducer (zolumikizira paipi yaikulu ndi yaing'ono) mbali zonse ziwiri.

Musaimamatize pakamwa pa pampu kapena pa elibo, chifukwa madzi a pamenepo amakhala ovunduka. Siyani paipi yowongoka yotalika kasanu kukula kwa valavuyo, ndiye kuti masentimita 40 ngati mwatenga ya 80 mm. Dongosolo likhale pampu, kenako non-return, kenako gate valve yotsekera madzi pamanja, kuti tsiku lokonza musakhuthule thanki yonse.

Musanapite kusitolo werengani mabowo a ma flange anu. M'mafakitale akale a ku Workington ndi ku Southerton, ku Harare komweko, mukadali mapaipi a ma flange a muyezo wakale wa BS 10, pamene katundu wambiri watsopano ndi wa muyezo wa PN16. Pa 100 mm, flange ya BS 10 ya Table D ili ndi mabowo 4, ya PN16 ili ndi 8. Ndaonapo munthu akukuza mabowo ndi fayilo kuti zigwirizane, ndipo pamenepo m'pamene madzi amayambira kutuluka. Sipulingi ndi pini zikhale za stainless. Labala ya pampando ikhale EPDM ngati ndi madzi, koma pa dizilo kapena oyilo mufunika NBR, chifukwa EPDM imafufuma m'mafuta.

Wina m'gulu muno angakuuzeni za non-return ya mtundu wa nozzle. Imeneyo ndiyedi imatseka mwakachetechete kuposa zonse, kambale kake kamangosuntha pang'ono motsata paipi. Koma mtengo wake ndi wowawa, ndipo imayenera pa mapaipi aatali kapena pamene mapampu angapo akukankhira m'paipi imodzi. Pa ntchito yanuyi ndalamazo zisungeni.

Sindikunyoza swing ayi. Pa madzi onyansa ochokera kotsukira ndimaikonda, chifukwa njira yake ndi yotseguka ndipo mumangomasula chapamwamba n'kuchotsa zinyalala, pamene mu dual plate nsanza ndi tizidutswa ta pulasitiki zimakolekera pa pini yapakati. Ngati ndi matope enieni kapena zakusuweji, tengani non-return yotseka ndi mpira wa labala. Ya lift, imene kambale kake kamakwera ndi kutsika, isiyireni timapaipi tating'ono ta sitimu ndi mpweya wa kompuresa. Ndipo ngati m'thanki yanu ya pansi mumalowa madzi a pa mjigo okhala ndi mchenga, ikani sefa kolowera pampu, apo ayi mchengawo udya mpando wa valavu yatsopanoyo.

Chomaliza, asakugulitseni soft starter, kachipangizo koyatsira ndi kuzimitsira pampu pang'onopang'ono, ngati mankhwala a vutoli. Imathandiza pamene inu mukuyatsa kapena kuzimitsa pampu, koma magetsi akathima nayonso imathima limodzi. Ngati paipi yanu ndi yaitali mamita mazanamazana ndipo ikugundabe mutasintha valavu, pamenepo mufunika kathanki kampweya pafupi ndi pampu. Jambulani kachitsulo kolembedwa pa pampu ndi flange imodzi, mutumize muno pamodzi ndi kutalika kwa paipi, tiwerengere limodzi ngati ikhale ya 80 kapena ya 65.